Mfundo Zofunika: Kanthu Kamene Kamakoleza Mphamvu ya Kanzake

Amalume anga ndi siginala. Kwa inu amene simunagonepo pagombe, siginala ndi munthu uja amakhala yekha m'bwato usiku atamangirira nyali, kuitana usipa kuti usonkhane, anzake a m'maboti n'kuzunguliza chilimira. Ntchitoyi imafuna munthu wa maso, chifukwa bwato la mtengo umodzi silisunga munthu wowodzera. Tsiku lina m'mwezi wa Julayi chimfine chinawagwira. Anagula piritoni pa okala ina kuno ku Monkey Bay, n'kumwa mapiritsi awiri. Dzuwa litapendeka mnzawo anawathirira katoti ka kachasu kuti kawatenthetse m'chifuwa. Kanali katoti kamodzi kokha, kwa munthu amene zaka zonsezi wakhala akumwa matoti atatu n'kupalasa bwinobwino mpaka kuseri kwa chilumba cha Thumbi. Usiku umenewo anzawo anangoona nyali zikupendekera kumadzi, kenaka mdima. Anawavuula ali moyo, koma atamwa madzi ambiri, ndipo nyali zonse zinamira.

M'mawa mwake ali gone pamkeka, kunabwera mwana wa achemwali anga amene akuphunzira unamwino, kudzawazonda. Atamva nkhani yonse anagwira pakamwa.

"Agogo, piritoni ndi mowa sizikumana."

"Iwe mdzukulu wanga, piritoni ndimamwa, kachasu ndimamwa. N'chiti chinandigwetsapo m'madzi?"

"Chilichonse pachokha sichinakugwetseni, agogo. Dzulo munazikumanitsa."

Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti m'mabuku awo muli mawu amodzi a Chingerezi onena zimenezi, akuti potentiate. Mawuwa sanandichoke m'mutu kuyambira tsikulo, ndipo ndikamayang'ana moyo wathu wa kunyanja kuno ndimaona kuti akunena zambiri kuposa za mapiritsi. Nazi mfundo zimene ndatolapo.

1. Mawu muyambe mwawamvetsa musanawanyamule

Potentiate ndi mneni, ndipo pakamwa amamveka ngati "potenshiyeti". Muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti potentia, kutanthauza mphamvu. Ofufuza mbiri ya mawu amawapeza m'zolemba za mlakatuli wa ku England, Samuel Taylor Coleridge, za mu 1817, ndipo nthawi imeneyo ankangotanthauza kupatsa chinthu mphamvu. Masiku ano anakhazikika kuchipatala ndi kwa akatswiri a mankhwala. Ngakhale munthu wobadwira ku London akhoza kukalamba osawatchulapo. Malo amene inu ndi ine tingawapeze ndi pa kapepala kopindapinda kaja ka m'bokosi la mankhwala, kamene ambirife timataya tisanakatambasule.

Mneniyu sayenda yekha, amafuna pamtherankhani. Pamakhala chokoleza ndi chokolezedwa. Chokolezedwacho kawirikawiri chimakhala ntchito imene chinthu chikugwira m'thupi: tulo tobwera ndi piritoni, kuzizira kwa ululu munthu akamwa mankhwala, ukali wa poizoni. Mmisiri akawonjezera simenti pakhoma walilimbitsa, koma pamenepo Mngerezi sangatchule mneniyu. Musawasokonezenso ndi potential, mawu aja aphunzitsi amalemba pa lipoti la mwana wanzeru koma waulesi. Muzu ndi umodzi, koma awa a pa lipotiwa akunena mphamvu imene idakali gone, pomwe mneni wathuyu akunena kuidzutsa mphamvuyo ndi kuikuza.

Akatswiri a za poizoni amagawa kukumana kwa mankhwala patatu. Nthawi zina mphamvu zimangophatikizana, 2 ndi 2 kupanga 4. Nthawi zina onse awiri ndi amphamvu ndipo amachulukitsana, 2 ndi 2 kupanga 10. Ndiye pali kukumana kwachitatu: mmodzi payekha alibe chochita pa vutolo, ndi 0, koma akakhala pambali pa mnzake wa 2, zotuluka n'kukhala 10. Kwachitatuku ndiko kwawo kwenikweni kwa mawuwa. Madokotala sakhwimitsa malirewa nthawi zonse, n'chifukwa chake za mowa ndi piritoni, zimene zonse zimagonetsa, amazitchulanso ndi mneni yemweyu. Koma ine chimene chinandigwira mtima ndi 0 uja.

2. Makolo athu ankachidziwa chinthuchi, koma mbala zinaba dzina lake

Chichewa sichinasowe ponena. Timati kukoleza moto, kusonkhezera nkhuni, kupemerera. Mayi wophika thobwa amadziwa kuti phala la mgaiwa lingakhale lochuluka chotani silitsekemera mpaka athiremo chimera chodzadza manja awiri. Wophika therere amadziwa ntchito ya chidulo. Ndipo asing'anga ali ndi mawu amene akuyandikira kwambiri: chizimba, kanthu kaja amati kakasowa, mizu yonse ija imangokhala mizu.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa mawu akuti chizimba afika potinyazitsa. Nzeru yakuti kanthu kakang'ono kakhoza kudzutsa mphamvu ya chinzake ndi yoona. Bodza ndi lakuti kanthuko kangakhale fupa la munthu. Kuyambira cha mu 2014 abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama m'dziko muno, ndipo chigawo chathu chino cha kum'mawa chili m'gulu la madera amene analira kwambiri. MacDonald Masambuka wa ku Machinga anaphedwa mu 2018. Mu 2022 khoti lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfa yake, ndipo pakati pawo panali mbale wake weniweni, wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito kuchipatala. Fupa la munthu wachialubino ndi fupa ngati langa ndi lanu. Silibweretsa usipa m'chilimira, silikweza bizinesi, silipambanitsa chisankho. Chimene chimakolezedwa pamenepo ndi dyera la wofuna kulemera msanga, ndipo wolikoleza ndi uja amamunong'oneza kuti ntchito ya manja ake siikwanira.

Chokoleza chenicheni chimayesedwa poyera, anthu osiyanasiyana n'kupeza zofanana. Chimene akukuuzani kuti mubwere nacho usiku, osauza munthu, chithaweni.

3. Musapepuse wothandiza amene ntchito yake siioneka

Pano ndi pamene 0 uja akuonekera bwino, ndipo zitsanzo zake tili nazo m'nyumba mwathu momwe.

Dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Ena mwa amene anasinthidwa mankhwala chifukwa oyamba aja anasiya kugwira amalandira piritsi lokhala ndi atazanavir ndi ritonavir. Ritonavir anavomerezedwa mu 1996 ngati mankhwala olimbana ndi kachilombo payekha, koma pa mlingo wokwanira ankavutitsa anthu ndi nseru komanso kutsegula m'mimba. Kenaka kunadziwika kuti ali ndi luso lina. Chiwindi chathu chimaphwanya mankhwala ndi kuwatulutsa m'thupi, ndipo ritonavir amachedwetsa kuphwanyako. Lero amamuika pang'ono chabe, mamiligalamu 100 pambali pa 300 a atazanavir. Pa mlingo umenewo sakumenya nkhondo ndi kachilombo. Akungotsekereza khomo kuti mnzake akhalitse m'magazi n'kumaliza ntchito.

N'chimodzimodzi ndi amoxicillin, makapisozi aja timawadziwa tonse. Mabakiteriya ena anaphunzira kutulutsa timadzi timene timamuphwanya asanagwire ntchito. Akatswiri a kampani ya Beecham ku Britain, m'zaka za m'ma 1970, anapeza clavulanic acid, amene payekha ndi wofooka kwambiri pa mabakiteriya, koma amagwira timadzi tija n'kutimanga manja. Awiriwa anawaika m'piritsi limodzi lotchedwa Augmentin, lomwe linayamba kugulitsidwa mu 1981.

Chitsanzo chachitatu timagonamo. Mu 2010 ofufuza analengeza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus wa pachilumba cha Likoma sukufanso ndi mankhwala a m'maneti wamba. Udzudzuwo unali utayamba kugaya poizoniyo m'thupi mwake. Yankho linakhala mankhwala otchedwa PBO, amene paokha sapha udzudzu kwenikweni, koma amaletsa kugaya kuja kuti poizoni wakale uja alumenso. Kafukufuku wa ku Muleba m'dziko la Tanzania, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti m'chaka choyamba malungo mwa ana anatsika ndi 44 peresenti m'midzi ya maneti a PBO poyerekeza ndi midzi ya maneti wamba. Maneti a mtunduwu anafikanso kuno kwathu.

Tsopano taganizani za siginala. Nyali yake siinagwirepo kausipa ndi kamodzi komwe. Mukamuyesa payekha ndi 0. Koma chilimira choponyedwa mumdima wopanda nyali chimabwera chopepuka. Taganizaninso za gadiyani kuchipatala, mayi uja amagona pasimenti pansi pa bedi, kuphika phala kukhitchini ya magadiyani, kuchapa zofunda, kukumbutsa wodwala nthawi ya mankhwala. Sabaya jakisoni, dzina lake silili pa kabuku ka kuchipatala, ndipo wodwala akachira timathokoza adokotala. Pali agogo amene amadzutsa mdzukulu m'mamawa kuti akawerenge pomwe iwo sadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe. Pali mkazi amene amadzuka usiku kukayanika usipa pathandala kuti thukuta la mwamuna wake lisaole. Anthu otere timawalipira mochepa, timawatchula komalizira, mwinanso osawatchula n'komwe. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kulakwa kwa masamu, ndipo n'kulakwanso kwa mtima.

Ngati inuyo ndinu mmodzi wa anthu otere, musadziyese wachabe poona kuti palibe nsomba yolembedwa dzina lanu.

4. Zina zokoleza thanzi zili kale pakhomo panu

Malungo ndi mdani wakale pagombe lino. Amishoni a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 pamodzi ndi Robert Laws, anasamukira ku Bandawe mu 1881 atakwirira anzawo angapo, ndipo manda awo alipobe. Ife tinadutsa mu chloroquine, tinamusiya mu 1993 n'kutenga SP, amene ambiri timamutcha Fansidar, ndipo kumapeto kwa 2007 kunabwera LA. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti gawo limodzi la LA, lotchedwa lumefantrine, sililowa bwino m'magazi ngati m'mimba mulibe chakudya cha mafuta. Mafuta ake safunika ambiri. Phala lotendera nsinjiro, kapu ya mkaka, kapena ndiwo zothira mafuta pang'ono zimakwanira, ndipo kwa khanda bere la mayi limakwanira. Nsinjiro sizichiza malungo, koma zimathandiza kuti mankhwala amene mwayendera mtunda wautali asangodutsa m'mimba.

Mapiritsi a likodzo aja amagawidwa m'sukulu, a praziquantel, nawonso amalowa bwino ndiponso savutitsa kwambiri mwana akakhala kuti wadya. Musamutumize kusukulu chopanda kanthu m'mimba tsiku logawa mankhwalawa.

Ndiye pali malambe, amene kuno ku Mangochi amagwa okha. Ali ndi vitamini C wambiri, ndipo vitamini ameneyu amathandiza thupi kutenga ayironi, mchere wopanga magazi, kuchokera mu nyemba ndi masamba. Matimati ndi mandimu amachitanso chimodzimodzi. Tiyi womwera pa chakudya amachita zosiyana, amautsekereza mcherewo. Mayi woyembekezera amene anauzidwa kusikelo kuti magazi achepa ayenera kudziwa zimenezi.

5. Chinthu chimodzi chomwecho chikhoza kukoleza moyo kapena chiwonongeko

Mneni uja sasankha mbali. Amagwira ntchito ponena za mankhwala ochiza, amagwiranso ponena za poizoni.

Neti ija tanena kuti imateteza ana athu, ena amaisokerera kumapeto kwa khoka. Khoka la maso aakulu limatenga chambo chachikulu n'kusiya ana ake adutse. Likavala neti ya udzudzu silisiyanso kanthu, limakokolola kasawala ndi tinsomba tosaoneka n'komwe. Chambo chimalera ana m'kamwa, ndipo n'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka miyezi ina pachaka kuti chiswane. Ndaonapo ndi maso anga m'mamawa wina khoka lotere likukokedwa pamchenga, ana akutola tinsomba tating'ono ngati chikhadabo n'kumaponya m'chidebe, tambiri titatsala pamchenga n'kumauma ndi dzuwa. Amene anasokerera netiyo sanaphe nsomba ndi dzanja lake. Anangopatsa khoka mphamvu imene silinali nayo.

Zotsatira zake sizithera pa mbale ya ndiwo. M'nyanja muno muli nsomba zimene zimadya nkhono. Ofufuza Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'dera la Nankumba, anaonetsa kuti nsomba zodya nkhonozi zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, nkhono za mtundu wa Bulinus nyassanus zinachuluka pamchenga wa poyera, malo amene kale ankaonedwa kuti alibe likodzo. Nkhono zikachuluka, ndipo anthu akamakodzera m'madzi, likodzo limafala. Kwa amayi ndi atsikana, likodzo likakhazikika ku ziwalo zoberekera limasiya tizilonda, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati limeneli ndi khomo lina lolowera kachilombo ka HIV.

Taonani mmene unyolo wake ulili: neti yosokerera pakhoka, nsomba kutha, nkhono kuswana, mwana wa sukulu kukodza magazi, mtsikana kukhala pangozi yaikulu. Palibe ndi mmodzi yemwe pa unyolowu amene anadzuka m'mawa n'cholinga chodwalitsa munthu. Nyanja yathu, imene mbali yake ya kuno inakhala malo otetezedwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaika mbaliyo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984, ikudwala ndi tinthu timene aliyense amati n'tating'ono. Ndikudziwa kuti wosokerera netiyo nthawi zambiri ndi munthu amene ana ake agona ndi njala, ndipo sindikumuweruza ngati ndine wokhuta. Koma njala ya chaka chino ikamadyetsedwa kasawala, ya chaka chamawa idzakhala yaikulu.

6. Wosonkhezera moto asamati manja ake ndi oyera

Tikamaweruza nkhani timakonda kufunsa kuti wamenya ndani, waponya mwala ndani. Sitifunsa kawirikawiri za uja anaima pambali n'kunena kuti, "Aaa achimwene, ndiye mungomusiya choncho?" Munthu wokwiya ali ngati 2 uja. Akanatha kupsa mtima, kutukwana, n'kukagona. Wonong'oneza ndi 0, sanakhudze munthu, koma atangolankhula mkwiyo uja unafika pa 10, ndipo banja linatha kapena magazi anakhetsedwa.

Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Amene anagenda anali ochepa. Amene anafalitsa nkhaniyo, pamjigo, m'minibasi ndi pa foni, anali ambirimbiri, ndipo aliyense wa iwo ankati akungonena zimene wamva. Lero WhatsApp yachititsa kuti kupemerera moto kukhale kophweka, chala chimodzi basi.

Mnzawo wa amalume anga amene anathira katoti kaja si munthu woipa. Anabwera kudzapepesa misozi ili m'maso, ndipo sankadziwa za piritoni. Iyeyo tingamumvetse. Koma amene amadziwa kuti mnzake ali pa mankhwala, kapena akuyesetsa kusiya mowa, kapena akupita pamadzi usiku, n'kumamukakamizabe kuti mwamuna sakana botolo, ameneyo ali ndi gawo lake pa maliro amene angatsatire.

7. Palinso zofooketsa, ndipo chinsinsi ndicho chimazibisa

Kukumana kwa mankhwala sikukweza mphamvu nthawi zonse. Rifampicin, mmodzi wa mankhwala a chifuwa chachikulu, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. N'chifukwa chake munthu amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir akayamba mankhwala a TB amapatsidwa piritsi lina lowonjezera. Rifampicin yemweyo amafooketsa mapiritsi olerera ndi njira yolerera ya pamkono. Namwino sangakutetezeni ku zimene simunamuuze. Wodwala amene amalandira mankhwala ena kuno, ena ku chipatala cha kutali kuti anthu asamuone, ena kwa asing'anga, n'kubisa zonse, akusakaniza zinthu mumdima. Safunsa anadya phula.

8. Chimene mumabwereza chimakula mphamvu mwa inu

Mawuwa ali ndi nyumba ina, kwa ofufuza za ubongo. Mu 1966, ku Oslo m'dziko la Norway, Terje Lømo ankayesa ubongo wa akalulu. Anapeza kuti njira ya minyewa ikagwedezedwa mobwerezabwereza kwa kanthawi, imayamba kuyankha mwamphamvu kuposa kale, ndipo imakhala choncho kwa nthawi yaitali. Mu 1973 iye ndi Timothy Bliss anafalitsa zimene anapeza, ndipo zimenezi zinadzatchedwa long-term potentiation. Akatswiri ambiri amaona kuti iyi ndi imodzi mwa njira zimene ubongo umaphunzirira ndi kukumbukira.

Aliyense amene anaonapo kanjira kopita kudooko akumvetsa. Poyamba ndi udzu wokhawokha. Akadutsa mmodzi, awiri, khumi, kanjira kamatseguka, ndipo wobwera pambuyo phazi lake limangolowa lokha. Mwana amene amapalasa bwato tsiku ndi tsiku amafika pomva mwera usanafike. Mtima umene umabwereza chakukhosi usiku uliwonse umafika popsa ndi kamawu kakang'ono kamene kale ukanangokaseka. Pemphero la m'mamawa, kaya ndi la kumzikiti kaya la kutchalitchi, moni wopatsa mnansi, chizolowezi chowerengera mwana nthano asanagone, zonsezi zimatsegula tinjira tawo. Kutukwana nakonso kumatsegula kake.

9. Chenjezo limene mwini moyo sakulimva silinaperekedwe

Mapiritsi amene amalume anga anagula anawapatsa atawadula pa kachingwe kake, opanda bokosi, opanda kapepala. Ngakhale kapepalako kakanakhalapo, kakanakhala ka Chingerezi cha timalemba tating'onoting'ono, ndipo iwo sukulu analekera sitandade 3. Nzeru imene ikanawapulumutsa ku madzi ozizira aja inalipo kale padziko, yolembedwa bwinobwino, koma inatsekeredwa m'mawu amene ngakhale ophunzira ambiri sawadziwa. Anaimasula ndi mdzukulu wawo, ndi mawu ochepa a Chichewa: piritoni ndi mowa sizikumana.

Sindikunena kuti mawu ovuta ndi oipa. Madokotala amawafuna kuti amvane mwachidule komanso mosaphonya. Wophunzira unamwino kapena udokotala awadziwe, awalembe molondola pa mayeso. Koma akaima pamaso pa msodzi, mayi wogulitsa usipa kapena gogo wochokera ku Malembo, awavule jekete mawuwo, alankhule Chichewa kapena Chiyao chomveka. Kudziwa mawu aakulu n'kulephera kuwatsitsa pansi sikunathandizepo wodwala.

Amalume anabwerera pamadzi patatha milungu iwiri, atagula nyali zina pangongole. Chimfine chikawagwira masiku ano, piritoni amamwa usiku umene mwezi ukuwala, pamene nyali siziitana usipa ndipo mabwato agona pamtunda.

Inu ogulitsa mankhwala m'maokala ndi m'mafamase, musanapereke piritoni kapena mankhwala ena alionse ogonetsa, mufunseni wogulayo ngati akupita pamadzi, ngati akuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza, ndiponso ngati amamwa mowa. Ndipo inu owerenga, ulendo wotsatira wa kuchipatala mutenge mankhwala onse amene mukumwa, a m'botolo, a m'pepala ndi a mizu omwe, muwayale patebulo pamaso pa adokotala, muwafunse kuti ndi ati amene sayenera kukumana.